Ena Ataya, Kodi Ine Nditole? Mafunso Anu ndi Mayankho a Mmisiri

Makalata ambiri a mwezi uno abwera ndi nkhani imodzi, ya zinthu zimene eni ake ataya koma zikadali ndi moyo. Ndakondwa nawo, chifukwa tebulo limene ndikulemberapo mayankhowa kale linali chitseko. Ndinachipeza chitatsamira pakhoma la nyumba ina imene ankaikonza, chitang'aluka pamene pamalowa loko basi. Ndinapempha, anandipatsa, ndinadula mbali yowonongekayo n'kukhomerapo miyendo inayi. Timabowo ta mahinjesi tikuonekabe m'mphepete, ndipo chala changa chimathamangira pamenepo ndikamaganiza choti ndilembe.

FUNSO: Bambo, kuntchito kwathu anatulutsa mipando isanu ndi umodzi n'kuiunjika kuseri, pafupi ndi bini. Iwiri ndi yamatabwa olimba, yangogwedera miyendo. Mtima ukufuna, koma ndikuopa kuti anzanga aziti ndasauka mpaka kufika potola zotaya. Komanso, kodi sikuba kumeneku? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo. Chinthu chimene chili pamalo a mwini wake, kaya ndi kuseri kwa ofesi kaya ndi mu bini, chikadali chake mpaka atanena ndi pakamwa pake kuti tengani. Malamulo pankhaniyi amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwina ndi okhwima ndithu. Ku Germany ophunzira awiri anapezeka olakwa pa mlandu wakuba chifukwa chotenga zinthu mu bini yokhoma ya sitolo ina, ndipo mu 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagwirizana ndi chigamulocho. Ndiye pitani kwa amene amayang'anira katundu wa kuntchito kwanu, mukapemphe poyera. Akavomera, akulembereni kapepala koti mukaonetse mlonda pachipata. Safunsa anadya phula.

Kupemphako kuli ndi phindu linanso. Mukamva chimene chinatayitsa mipandoyo. Ine funso limeneli, lakuti chinthuchi achitayiranji, ndimalifunsa pa chilichonse ndisanachigwire, ndipo muliona likubwerabwera m'mayankho onse a lero. Zina amazitaya chifukwa agula zatsopano. Zina chifukwa kachinthu kamodzi kakang'ono kafa. Zina amazitaya chifukwa ndi zoopsa, ndipo zimenezi ndi zofunika kuzisiya pomwepo.

Za manyazizo ndikukumvetsani, poti mawu a anthu amabaya. Koma taganizirani za mpandowo. Mtengo wake unatenga zaka makumi angapo kuti ukule, wina anaucheka, wina anaupala n'kuulumikiza bwinobwino. Pa zonsezo chimene chatha ndi guluu yekha, amene wauma n'kusiya kugwira. Kundifunsa ine, chochititsa manyazi n'kuona ntchito yonseyo ikuvunda pamvula. Anzanu adzalankhula tsiku limodzi lomwelo mukunyamula, pamene inu ndi ana anu mudzakhalira mipandoyo zaka zambiri.

Mukafika nayo kunyumba, musaikhome misomali. Ambiri amalakwitsa pamenepa: msomali umang'amba thabwa polumikizira, ndipo pakatha mwezi mpando umagwedera kuposa kale. Ikani mpando chafufumimba, mulembe manambala ndi pensulo pa mwendo uliwonse ndi bowo lake kuti musadzasokoneze, kenako mugogode pang'onopang'ono ndi nyundo, mutatsamiritsa kathabwa pakati, mpaka zolumikizazo zitazuka. Palani guluu wakale yense ndi mpeni, chifukwa guluu watsopano sagwira pamwamba pa wakale. Pakani guluu wa matabwa m'bowo ndi pamutu pa mwendo, lowetsani, pukutani wosefukira ndi kansalu konyowa. Ngati mulibe chopanira, dulani chubu chakutha cha njinga m'litali, mumange nacho mwamphamvu, kapena zengani chingwe kawiri n'kuchipota ndi kamtengo mpaka chikungike. Muusiye pamalo osalala tsiku lathunthu, wina asaukhalire.

Zinthu ziwiri muyang'ane musanaulowetse m'nyumba. Choyamba, timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano, tokhala ndi fumbi losalala pansi pake. Thabwa lotero lafumbwa, ndipo tizilombo take tingasamukire pa mipando yanu ina. Chachiwiri, penti. Penti wakale wambiri anali ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Ngati mpandowo uli ndi penti wakalekale amene akusuluka, musaukhule ndi sandipepala wouma ana ali pafupi. Nyowetsani, palani muli panja, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

FUNSO: Achimwene, mnansi wanga anataya fani yoimika pansi. Ndinamupempha ndipo anandipatsa. Ndikailumikiza kumagetsi imangolira kuti "mmmm" koma mapiko sazungulira. Kodi yapsa? — Mnyamata wa ku sekondale

YANKHO: Mng'ono wanga, n'kutheka kuti watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Fani imene ikulira ndiye kuti magetsi akufika ku mota. Yopsa nthawi zambiri imakhala chete, ndipo ukanunkhiza kumbuyo kwake umamva fungo la vanishi wopserera limene sungaliiwale ukalimva kamodzi.

Zula pulagi pakhoma kaye. Ndikubwereza, zula pulagi, usangozimitsa pa switchi. Chotsa chitetezo chakutsogolo, uzungulitse mapiko ndi chala. Fani yabwino imazungulira yokha kangapo isanaime. Ikaima nthawi yomweyo ngati wina waigwira, vuto ndi fumbi ndi oyilo wouma. Masula mapiko (kanati kake pa mafani ambiri kamamasuka mozungulira chakumanja, mosiyana ndi manati ena, ndiye usalimbane nako), uchotse chivundikiro chakumbuyo. Uona kachitsulo kozungulira kakudutsa pakati pa mota, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kwake kwakulungana tsitsi, ulusi ndi litsiro lakuda lomata. Chotsa zonsezo, pukuta, udonthezere madontho awiri kapena atatu a oyilo wa makina osokera mbali zonse ziwiri, uzipotokola ndi dzanja mpaka kamasuke. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kusanduka phula.

Ngati mapiko akuzungulira momasuka koma fani sikuyamba yokha, kapena ikuyenda mwaulesi, yang'ana kabokosi kakuda kokhala ndi mawaya awiri pafupi ndi mota. Imeneyo ndi kapasita, imene imapatsa mota mphamvu yoyambira. Pa thupi pake palembedwa nambala, mwina 1.2 kapena 1.5, yotsatana ndi zilembo µF. Pita nayo kwa okonza zamagetsi, upeze ina ya nambala yomweyo, ndipo ngati sunagwirepo ntchito yolumikiza mawaya, uwapemphe akulumikizire ukuonerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndakhala nthawi pa faniyi chifukwa nkhani yake ndi ya zipangizo zambiri. Ayironi, ketulo ndi wayilesi kawirikawiri zimafa ndi nthambo yoduka m'kati pafupi ndi pulagi, fyuzi yopsa kapena switchi yadzimbiri. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera zinali 22 zokha pa 100 zilizonse. Mayi wina wa ku Netherlands, Martine Postma, ataona kutaya kotereku anayambitsa Repair Café mumzinda wa Amsterdam mu 2009. Anthu amabwera ndi zinthu zawo zowonongeka, n'kukhala pansi ndi odziwa kukonza, n'kukonzera limodzi kwaulere. Lero misonkhano yotere ikuchitika m'mayiko ambiri. Chimene chimandisangalatsa pa nzeru imeneyi n'chakuti mwini chinthu sasiya katundu wake n'kumapita. Amagwira nawo sikuludiraiva, ndipo amabwerera kwawo ali ndi luso m'manja.

Koma ndikuchenjeze, popeza ukakonza faniyo mtima udzafuna kutsegula chilichonse. Microwave usaitsegule. M'kati mwake muli kapasita yaikulu imene imasunga mavolti opitirira 2,000 ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo yaphapo anthu. TV yakale ija yachimsana nayonso imasunga magetsi. Batire ya foni kapena ya laputopu imene yatupa usaibaye, usaipinde, usaitchaje, chifukwa imayaka moto wovuta kuzimitsa. Ndipo ukadzatola foni kapena kompyuta, zithunzi ndi makalata zimene zili m'menemo ndi za mwini wake. Ngati ukumudziwa, mubwezere kakhadi kake. Ngati sukumudziwa, fufuta zonse osawerenga.

FUNSO: Bambo, ndapeza zigubu zinayi za malita 20 zimene munali mankhwala opopera mbewu. Ndi zolimba kwambiri. Ndazitsuka katatu ndi sopo ndi madzi otentha, fungo latha. Ndingamasungiremo madzi akumwa? — Mlimi

YANKHO: Ayi, achimwene. Chonde, ayi. Pa makalata onse amene ndalandira, ili ndi limene landisowetsa tulo. Pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kulowa m'madzi ngakhale mphuno yanu isakumva kanthu. Kutsuka katatu kumene mabungwe a United Nations oona za ulimi ndi zaumoyo, FAO ndi WHO, amalangiza n'kokonzekera kuchitaya chigubucho, ndipo malangizo omwewo amati mukatsuka muchiboole kuti wina asadzachitole n'kuthiramo madzi. Zibooleni lero lomwe, ana asanazione, ndipo musaziwotche, poti utsi wake nawonso ndi poizoni. Funsani kumene munagula mankhwalawo kapena alangizi a zaulimi za kumene amasonkhanitsa zigubu zotere.

Chigubu chosungira madzi kapena chakudya chikhale chimene mukudziwa bwino kuti munali chakudya kapena chakumwa kuyambira pachiyambi. Pansi pa zigubu zambiri pamakhala kachizindikiro ka mivi itatu kokhala ndi nambala pakati. Nambala 2 ndi 5 ndi mitundu ya pulasitiki imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri posungira zakudya, koma nambalayo imangonena mtundu wa pulasitiki, sinena chimene munali. Chigubu cha mankhwala chikhozanso kukhala ndi nambala 2. Chigubu chopanda chizindikiro cha zimene munali, chimene simukudziwa kumene chachokera, chisafike pafupi ndi madzi akumwa. Mabotolo agalasi amene munali zakudya ndiwo ndimawakonda, chifukwa galasi silimwa kanthu. Mukawatsuka n'kuwawiritsa, amakhala ngati atsopano.

Ndionjezerepo za madilamu achitsulo. Dilamu imene munali petulo, thina (wosungunulira penti) kapena mafuta ena oyaka imakhalabe ndi mpweya wake m'kati ngakhale ikuoneka youma. Moto ukangothetheka kuchokera ku makina odulira kapena owotcherera, imaphulika ngati bomba. Amisiri ambiri avulala ndi kufa motero. Ngati simukudziwa chimene munali, musaiyandikize moto.

FUNSO: Ndaona matiresi abwinobwino atatayidwa pamsewu. Nditenge? — Mtsikana wongoyamba kukhala payekha

YANKHO: Asiyeni, achemwali. Munthu sataya matiresi abwino popanda chifukwa, ndipo chifukwa chake kawirikawiri ndi nsikidzi. Zimabisala m'misoko, mazira ake ndi oyera, aang'ono ngati mutu wa singano, ndipo zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi. Sofa nayenso chimodzimodzi. Zovala ndi makatani mungatenge, mukazichapa m'madzi otentha ofika madigiri 60 n'kuzisita. Chipewa cholimba cha panjinga yamoto ndi mpando wa mwana wa m'galimoto musatole, chifukwa zikagundidwapo kamodzi zimafooka m'kati, kunja kukuoneka bwino.

FUNSO: Bambo, ndikuphunzira ukalipentala ndipo matabwa ogula sindingakwanitse. Pafupi ndi pamene ndimakhala amataya mapaleti, matabwa aja amasanjikapo katundu m'magalimoto akuluakulu. Kodi ndi abwino kupangira mashelefu ndi kabedi ka mwana? — Wophunzira ukalipentala

YANKHO: Mwananga, mapaleti ndi sukulu yabwino ya kalipentala, koma pempha kaye, chifukwa ena, makamaka opakidwa penti wa mtundu umodzi thupi lonse, amakhala obwereka ndipo eni ake amawawerenga. Akakupatsa, yang'ana chidindo m'mbali mwake. Mapaleti odutsa malire a mayiko amadindidwa motsatira lamulo lotchedwa ISPM 15, limene linakhazikitsidwa mu 2002 pofuna kuletsa tizilombo ta m'matabwa kufalikira. Pachidindopo pali kachizindikiro kooneka ngati ngala ya tirigu, zilembo ziwiri za dziko, ndi zilembo zina zonena mmene anaphera tizilombo. HT ndiye kuti anawatenthetsa mpaka pakati pa thabwa panafika madigiri 56 kwa mphindi 30. Amenewo tenga. MB ndiye kuti anawafukiza ndi mankhwala a methyl bromide, ndipo amenewo ine sindiwalowetsa m'nyumba kapena kuwasonkhera pamoto. Paleti yokhala ndi madontho a mafuta, ya fungo lachilendo kapena ya ufa wosadziwika, isiye, kaya chidindo chikuti chiyani.

Pophwasula, usakanule ndi mphamvu, matabwa ake ndi opyapyala ndipo misomali yake ndi yopota. Cheka pafupi ndi mitanda yam'mbali, utsale ndi msomali wapakati wokha woti uzule, kapena gogoda kuchokera kumbuyo. Yendetsa maginito pa thabwa lililonse usanalipale, chifukwa kachidutswa kamodzi ka msomali kamagomola mpeni wa puleni. Mashelefu, mabenchi ndi mabokosi a zida panga mosaopa. Kabedi ka mwana ndiye gula matabwa amene ukuwadziwa, popeza mwana amaluma ndi kunyambita m'mphepete mwa bedi, ndipo iwe sudziwa chimene paletiyo inanyamula m'maulendo ake.

FUNSO: Achimwene, ine ndimatoleza zitsulo zakutha n'kumagulitsa. Ndiuzeni njira yosavuta yosiyanitsira zitsulo, komanso ngati kuwotcha mawaya kuti nditulutse mkuwa kuli ndi vuto. — Wotoleza zitsulo

YANKHO: Achimwene, ntchito yanu ndimailemekeza. Kusungunula aluminiyamu wakale kumafuna pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a mphamvu imene imafunika popanga watsopano kuchokera ku miyala, ndiye chitini chilichonse chimene mwatola chapulumutsa zambiri. Yendani ndi maginito m'thumba, amene mungawachotse mu sipika yakufa. Chimene chamata ndi chitsulo wamba. Chimene sichimata ndipo n'chopepuka, chotuwa, ndi aluminiyamu. Chofiirira mukachikanda ndi mkuwa. Musiyanitse musanapite kogulitsa, chifukwa zosakaniza amaziyesa pa mtengo wa chotsika.

Mawaya musawotche. Chikopa chake chambiri ndi pulasitiki ya PVC, ndipo utsi wake umawononga mapapo anu ndi a aliyense amene mphepo yamupeza, phulusa lake n'kuipitsa nthaka. Khomerani mpeni pa thabwa, nsonga yake itatulukira pang'ono, muzikoka waya pansi pake kuti chikopa ching'ambike m'litali. Zimachedwa, inde, koma mkuwa wosenda umakhala wowala, ndipo ogula amaukonda kuposa wakuda wowotcha. Batire ya galimoto mugulitse yathunthu, musaiswe, muli asidi ndi mtovu. Valani magolovesi ndi nsapato zolimba, ndipo katemera wa kafumbata musamuiwale.

Pali nkhani imodzi imene ndimafuna aliyense wotoleza zitsulo aidziwe. Mu September 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awiri analowa m'chipatala china chimene chinasiyidwa, n'kutenga mbali ya makina ochizira khansa poganiza kuti ndi chitsulo chogulitsa. Anachiphwanya n'kukachigulitsa kwa wogula zitsulo. Iye ataona kuti m'kati muli ufa wowala mumdima, wobiriwira ngati thambo, anachita nawo chidwi, anaulowetsa m'nyumba n'kugawirako abale ndi anzake. Ufawo unali caesium-137, mankhwala otulutsa cheza chosaoneka chimene chimawononga thupi la munthu. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 6. Anthu oposa 100,000 anayezedwa, 249 anapezeka kuti ufawo unawakhudza, ndipo nyumba zingapo zinagwetsedwa. Amuna aja sankafuna kupha munthu, ankangofuna ndalama ya tsikulo ngati mmene inu mumafunira. Choncho mukapeza chitsulo cholemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, chotsekedwa mbali zonse, makamaka chochokera kuchipatala kapena kufakitale, kapena chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu akuda pamalo achikasu, musachinyamule ndipo musachitsegule. Talikirani, muuze anzanu atalikire, mudziwitse apolisi.

FUNSO: Bambo, amuna anga amatola chilichonse. Kuseri kwa nyumba kwadzaza matayala, mawayilesi akufa, mafelemu a njinga ndi zitini. Ndikalankhula amati zidzagwira ntchito tsiku lina. Tsikulo silikufika, ndipo makoswe achuluka. Ndichite chiyani? — Mayi wotopa

YANKHO: Mayi, kudandaula kwanu n'komveka, ndipo ndikupempha kuti yankholi muwerengere limodzi ndi bambowo. Bambo, diso lanu loona phindu pamene ena sakuona ndi mphatso, ndipo sindikufuna kuti muitaye. Koma chinthu chimene mwachichotsa pamtaya n'kuchisiya chikuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba yanu simunachipulumutse. Mwangosamutsira mtayawo pakhomo pamene pamasewera ana anu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Yambani ndi matayala, chifukwa ndiwo sangadikire. Tayala limasunga madzi a mvula ngakhale mulitembenuze bwanji, ndipo udzudzu umatha kuswana m'menemo m'sabata imodzi kapena iwiri yokha. Abooleni, kapena muwadzaze dothi n'kudzalamo maluwa, kapena muwapereke kwa amene amadulamo zingwe ndi zidendene za nsapato.

Kenako sankhani tsiku limodzi, nonse awiri, mutulutse zonse pabwalo. Pa chilichonse, bambo anene ntchito yake yeniyeni ndi mwezi umene adzaigwire. Chimene alephera kuchinenera ntchito chipite kwa wina: mafelemu a njinga kwa wokonza njinga kapena wowotcherera, zitini kwa wotoleza zitsulo, mawayilesi kwa wokonza mawayilesi amene akusowa masipeyala. Ine kwanga ndinadziikira malire a shelefu imodzi ndi bokosi limodzi, ndipo chatsopano chikafuna kulowa, china chimatuluka. Pa wayilesi yakufa ndimachotsa sipika, nthambo, switchi ndi masikuluwu, n'kuziika m'mabotolo olembedwa, chigoba chake n'kupita. Mawayilesi asanu amakwana m'mabotolo atatu.

Ndipo mayi, pa mulu wonsewo muwalole bambowo asankhe chinthu chimodzi choti akonze sabata ino, chimene inuyo mukuchifuna m'nyumba. Chikatha, ndilembereni mundiuze chimene chinali.